Mowa Wotendera wa Kenneth

Jekete yoyera ya Kenneth Chagunda inkachapidwa payokha. Mkazi wake Lucy ankaiviika m'beseni lakelake, kuiyanika pachingwe chakechake, ndipo nsimbi ya makala inkayamba yapukutidwa kawiri isanaikhudze. Pakhomopo munthu ankatha kuswa mbale kapena kutaya palafini n'kukhululukidwa, koma kugwira jeketeyo ndi manja a usipa unali mlandu wosakambika. Kenneth akaivala m'mawa, n'kumanga kataye kakuda pakhosi, ankayenda mumchenga wa ku Senga Bay mutu uli m'mwamba, moni akuyankha ndi nsidze zokha.

Zaka khumi ndi chimodzi anali ataima kuseri kwa kauntala ya bala pa kahotela kena ka m'mbali mwa nyanja, ndipo ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Chimene ankanyadira kuposa zonse chinali mowa wa kirimu wochokera ku Joni, wotsekemera, wokhuthala, wamtundu wa tiyi wothira mkaka wambiri, umene unkabwera m'mabotolo akuda osaonekera m'kati. Powuthira pa ayezi ankakweza botolo kufika paphewa, mowa n'kumatsika ngati ulusi, osadontheza ndi pang'ono pomwe. Alendo ankaomba m'manja, iye n'kumayerekeza ngati sakumva.

Chaka cha 1995, matipate atangokhazikika, kahotelako kanagulidwa ndi Mayi Elsie, amene anali atabwerera kwawo patatha zaka makumi awiri akukhala kunja. Anabwera ndi masutikesi asanu, liwu lomveka tsidya lina, ndi mathalauza. Lamulo loletsa amayi kuvala thalauza linali litangochotsedwa kumene, ndipo tsiku loyamba atadutsa pamsika atavala lofiira, njinga ziwiri zinawombana. Masiku amenewo dziko lonse linali loledzera ndi ufulu, ndi osamwa omwe. Anthu ankatsutsana za ndale m'minibasi mpaka kupitirira siteji yawo, ndipo ukamudzudzula munthu kuti mbuzi zake zadya chinangwa chako, ankakuyankha kuti ino ndi demokalase.

Lachitatu lina mu Okutobala, Mayi Elsie anamuitana Kenneth atagwira kalata m'manja. Anamufotokozera kuti kuli chilole chachikulu chonyamula azungu oyenda kuona maiko, chimene chimadutsa ku Salima mwezi uliwonse, ndipo mtsogoleri wake, mayi wina dzina lake Linda, akufunafuna malo atsopano oti azigonekapo anthu ake. Loweruka masana adzaima pahotelapo kuti aone. Akakondwa, ndiye kuti mwezi ndi mwezi chilole chizidzaima pompo.

"Koma tamvera bwino, Kenneth," anatero Mayi Elsie. "Theka la anthu amenewa sadya chilichonse chochokera ku nyama. Nyama ayi, nsomba ayi, mazira ayi, mkaka ayi. Ndi uchi womwe."

"Akudwala, mayi?"

"Ali bwinobwino."

"Ndiye ndi mpingo."

"Si mpingo. Anasankha okha."

Kenneth anagwira pakamwa. "Munthu kuyenda ulendo wonsewo, kufika pa Salima, n'kukana chambo? Koma ufuluwu utipweteka."

"Zimenezo zisiye. Ine ndawayankha kale kuti pano tili ndi mowa wa kirimu wathuwathu, wopanda ndi dontho lomwe la mkaka wa ng'ombe. Ndalonjeza. Iwe umati palibe chakumwa chimene chingakukanike, ndiye Loweruka ndiuone pathebulo. Ukandichititsa manyazi, jekete iyo ndipatsa Victor."

Victor anali woperekera zakudya, bambo wa ndevu zake, amene kwa zaka zambiri ankaiyang'ana jeketeyo monga momwe mphaka amayang'anira thandala la usipa. Nthawi imeneyo anali akupukuta thebulo loyera kale pafupi ndi khomo. Kenneth ananena kuti imeneyo ndi ntchito yochepa.

Madzulo ake chakudya sichinalowe. Kirimu wopanda mkaka! Kodi kumeneko si kufuna mvula yopanda mitambo? Anadandaula mokweza pakhonde mpaka mawu ake anadumpha mpanda wa bango n'kukagwera kwa aneba. Kuseri kwa mpandawo kunkakhala Hajara, amake Zuleka, mayi wachisilamu wogulitsa mafilizi a malambe m'mbali mwa nyanja. Mwamuna wake Abdulkarim m'mimba mwake munkakana mkaka wa ng'ombe chibadwire, choncho Hajara anali atazolowera kumukonzera mkaka wa mtedza wothira m'tiyi ndi m'phala.

"Aneba, pepani ndamva nawo, mpandawu ndi wopyapyala," anatero Hajara atasuzumira pamwamba pa bango. "Nkhani yanuyo si yolira nayo. Kazingani mtedza pang'ono chabe, usapse. Muchotse timakoko, muuviike ugone m'madzi. M'mawa musinje mpaka ufewe ngati phala, muthire madzi owiritsa, musefe pansalu yoyera kawiri. Kawiri, osati kamodzi. Kenako shuga wosungunula pamoto, ndi ufa wa malambe pang'ono kuti ukhuthale. Za mowa wanuwo ine sindilowamo, ndi haramu, mukathira nokha."

Lucy ankangogwedeza mutu, akusunga zonse mumtima.

"Koma chimodzi ndikutsineni khutu," Hajara anapitiriza. "Musadzayese kuthiramo mkaka wa ng'ombe. Malambe ndi owawasa, amadula mkaka. Awiriwo ali ngati akazi a pamitala. Pongokumana amasekererana, koma asiyeni m'nyumba imodzi dzuwa likwere, mudzamva mapoto akulira."

Kenneth anathokoza ndi milomo yokha. Hajara atangochoka, anatembenukira kwa mkazi wake.

"Waona chipongwe? Munthu woti ngakhale thobwa logonera amalithawa, lero aziphunzitsa ine za mowa? Ine amene ndathirira nduna za boma lakale ndi latsopano lomwe?"

"Nanga muli ndi nzeru ina, abambo?" anafunsa Lucy.

Nzeru ina panalibe. Lachinayi Lucy anakazinga ndi kuviika, Lachisanu m'mawa anasinja ndi kusefa kawiri monga anauzidwira. Kenneth anatenga chigubu cha mkaka wa mtedzawo kupita nacho kuntchito, nathiramo bulande ndi khofi pang'ono, n'kulawa. Pamenepa ndiye pomvetsa chisoni, chifukwa chinthucho chinali chokoma. Chinali chosalala pakhosi, chotsekemera bwino, ndipo kumapeto kwake kankamveka kakuwawasa ka malambe kochititsa munthu kufuna kubwereza. Akanangochithira m'mabotolo n'kupita kukagona, bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma Victor anadutsa ndi thireyi yake, nanunkhiza m'mwamba ngati galu wa uzimba.

"Ee, akulu, kununkhira bwanji! Mowa wotendera? Kwangotsala nkhwani ndi tomato basi."

A kukhitchini anafa nacho chiseko. Pofika masana dzinalo linali litafika kwa alonda ndi kwa asodzi a pagombe, ndipo wina anafuula ali m'bwato kufunsa ngati mowa wotenderawo amamwera m'tambula kapena amapisamo mbamu. Kenneth makutu anatentha. Analawanso, ndipo tsopano lilime lake silinkamva china koma mtedza wokhawokha, ndiwo za kumudzi, za anthu osadziwa ayezi. Iye, Kenneth Chagunda, aimirire pamaso pa azungu ndi jekete yoyera n'kuwathirira nsinjiro?

Loweruka kutangocha anaimitsa mkulu wina wa njinga amene ankabwera ndi mkaka wa ng'ombe kuchokera cha ku Khombedza. Anagula malita atatu, nawakhuthulira m'chigubu chija, chimene anabwera nacho kunyumba usiku, n'kukhutchumula. Atalawa anatseka maso. Tsopano unali woyera bwino, wolemera, wofanana ndi wa ku Joni ngati mapasa.

Lucy anatuluka m'nyumba n'kuona botolo la mkaka lili gada pansi.

"Abambo, mwachita chiyani? Amake Zuleka anati chiyani Lachitatu lija? Nanga alendowo si paja anakana mkaka?"

"Mimba ilibe maso, mkazi wanga. Akadziwa bwanji? Ndiponso ino ndi demokalase, ng'ombe nayo ili ndi ufulu wolowa m'botolo."

Hajara anali ataiona njinga ya mkaka itatsamira pampanda. Anasuzumiranso, mpango uli kumutu, manja ali mbuu ndi ufa wa malambe.

"Aneba, wallahi ndikukupemphani. Ngati mwathiramo, tayani. Mtedza wosinjasinja ndili nawo wambiri, ndakonza wa mafilizi anga. Tengani theka, nthawi ikadalipo."

"Zikomo, amake Zuleka," anayankha Kenneth akumanga kataye kake. "Inu samalani za mafilizi, za mowa musiyire eni ake."

Kuhotela anatsuka mabotolo asanu ndi limodzi akuda aja a ku Joni, nawadzaza, kuwatseka zolimba, n'kuwaika m'filiji. Eyiti koloko isanakwane magetsi anazima, monga ankachitira masiku amenewo popanda kutsanzika. Dzuwa la Okutobala ku Salima silichita nthabwala. Mchenga unkawotcha mapazi kudutsa m'nsapato, ndipo filiji ija pofika teni koloko inali itasanduka kabati wamba wofunda. Chilole chimene chinkayembekezeka twelofu koloko chinaphulika tayala panjira, n'kudzafika thuu koloko. Maola onsewo akazi a pamitala aja anali okhaokha m'nyumba yotseka, ndipo poti mabotolo anali akuda, palibe anaona ndewu.

Chilole chitaima, munatsika anthu khumi ndi asanu ndi atatu, ofiira ngati nyama yowamba, ena amuna a tsitsi lofika m'mapewa limene zaka zitatu zapitazo likanametedwa pachipata cha dziko. Mayi Elsie anawalandira atavala thalauza loyera latsopano. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, nalankhula Chingerezi chotalika chokhudza Malawi watsopano, mtedza wa m'minda yathu ndi malambe a m'mitengo ya makolo athu. Linda, mayi wamtali wa chipewa cha mlaza, anamwetulira n'kunena kuti ayenda maiko asanu osapeza chakumwa chotere. Matambula anandandalikidwa, aliyense ndi kachidutswa ka ayezi wogula kwa ogulitsa nsomba. Kenako anatulukira Kenneth, jekete ili mbee, botolo lili pathireyi.

Anatsegula. Anakweza botolo kufika paphewa monga mwa nthawi zonse, nalipendeketsa pamwamba pa tambula ya Linda.

Sipanatuluke kanthu.

Anapendeketsanso. Kunadontha timadzi tachikasu, tatu tokha, kenako zii. Alendo anasendera pafupi poganiza kuti ndi mbali ya luso. Kenneth anaseka pang'ono, thukuta likutsika m'khosi, nalizondotsa botolo n'kulimenya kuthako ndi chikhatho. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu kunamveka phwaa! Chibuma choyera chonga chambiko chinafwamphuka, kudumpha tambula, n'kukatera pantchafu ya Mayi Elsie. Chinakhala pamenepo kanthawi, kenako chinayamba kutsetserekera kubondo mosafulumira, chikusiya mzere wa khofi pathalauza loyera.

"Limeneli linagona moipa," anatero Kenneth. "Titenge lina."

Lachiwiri analikhutchumula kaye mwamphamvu kuti zibuma zisungunuke, chala chachikulu chili pakamwa pa botolo. Atachotsa chala, botolo linayetsemula. Zonse zinathera pachifuwa chake, pakataye, pachibwano, china n'kukakhala pansidze. Mzungu wina wa ndevu anagwa pampando ndi chiseko, wina anatulutsa kamera. A kukhitchini anali atadzaza pawindo, ndipo Victor anali atalowetsa nsalu yopukutira mbale m'kamwa kuti asamveke.

Linda yekha sanaseke. Anatola kachibuma pathebulo ndi supuni, nakanunkhiza, n'kuyang'ana Mayi Elsie.

"Uwu ndi mkaka wa ng'ombe," anatero m'Chingerezi.

Mayi Elsie anatembenuka pang'onopang'ono. "Kenneth. Mtedza wakowu uli ndi nyanga?"

"Mayi, kunali kungokometsera pang'ono chabe..."

"Uli ndi nyanga kapena ulibe?"

"Uli nazo, mayi."

Linda anaimirira. Ananena mofatsa kuti magetsi kuzima si mlandu, chakumwa kuwonongeka si mlandu, koma kumwetsa anthu ake chinthu chimene anakana, mobisa, atalonjezedwa, zimenezo sangazilandire. Ngati chikanapanda kudula, bwenzi atamwa osadziwa. Anauza dalaivala kuti alize galimoto. Kenneth anaima pomwepo, chambiko chikudontha kuchibwano, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anachita manyazi enieni, osati a jekete, koma a bodza lake. Injini ya chilole inalira, alendo n'kuyamba kutuluka pageti.

Kunja kwa getilo, pamthunzi wa mpanda, panali pamalo pa Hajara pa masiku onse. Anali atakhala pampando wake wachikuni, bokosi lake la ayezi lili patsogolo. Alendowo anali ndi ludzu la maola asanu, ndipo mtsikana wina wa ndolo pamphuno analoza bokosilo n'kufunsa ndi manja kuti muli chiyani.

"Malambe, mtedza, shuga," anatero Hajara akuwerenga ndi zala. Kenako anaika zala ziwiri pamutu ngati nyanga, nalira kuti "Mooo," n'kupukusa mutu mwamphamvu. Chingerezi chake chinathera pomwepo, koma chinamveka kuposa cha Mayi Elsie.

Mtsikanayo analuma kakona ka pulasitiki, nayamwa, maso n'kutuzuka. Anakuwa kuitana anzake. Posakhalitsa anthu khumi ndi asanu ndi atatu anali ataunjikana pabokosi la Hajara, aliyense filizi ili kukamwa ngati ana a sukulu pa nthawi yopuma. Linda analawa, nalawanso. Mayi Elsie sanali munthu wodikira kuuzidwa kawiri. Anathamangira kubala, thalauza lamawangamawanga lili pekupeku, n'kubwerako ndi botolo la bulande m'dzanja limodzi, matambula m'dzanja lina.

"Astaghafiru!" anakuwa Hajara akukumbatira bokosi lake. "Mayi, zanuzo kathirireni uko, kutali ndi katundu wanga!"

Anakathirira uko. Anafinyira filizi m'tambula, kuthira bulande pang'ono, kutakasa ndi supuni, n'kupatsa Linda. Linda anafunsa katatu ngati mulibedi ng'ombe, ndipo katatu konse Hajara anaika nyanga pamutu n'kupukusa. Linda anamwa. Anatseka maso, kenako anakweza dzanja kwa dalaivala, ndipo injini inazima.

Zimene zinachitika masana amenewo anthu a ku Senga Bay amazikambabe. Bokosi la Hajara linatha psiti. Lucy anaitanidwa, nathamangira kunyumba ya aneba kukatenga ndowa ya mkaka wa mtedza umene unali usanathiridwe m'mapulasitiki, womwe uja Kenneth anaukana m'mawa. Wina anatsegula wailesi ya mabatire, azungu anavina mosagwirizana ndi ng'oma, asodzi anasiya maukonde kudzaonerera, ndipo mzungu wa ndevu uja anaphunzira mawu ake oyamba a Chichewa n'kumafuula kuti, "Wotendera! Wotendera wina!" Dzina limene linamupweteka Kenneth dzulo lake linali litasanduka dzina la malonda. Amene ankathira m'matambula anali Victor.

Alendo atapita kukasambira, Mayi Elsie anamupeza Kenneth atakhala pakreti kuseri kwa bala.

"Vula."

Anavula. Victor anailandira ndi manja awiri, yonyowa ndi yonunkha chomwecho, ngati akulandira mwana wakhanda.

"Ndikanakuthamangitsa lero lomwe," anatero Mayi Elsie, "koma amake Zuleka akupepesera. Avomera kutikonzera mkaka wa mtedza nthawi zonse chilole chikamabwera. Akuti iwo akugulitsa mkaka basi, zimene tizithiramo tikayankha tokha kwa Mulungu. Koma akuti manja awo ndi awiri okha, ndipo mtedza wa anthu onsewa ndi wambiri. Akufuna wosinja. Lolemba ukayambe."

Lolemba m'mawa Lucy sanatulutse beseni lija, ndipo chingwe cha jekete anayanikapo matewera a mwana wawo. Kenneth anazungulira mpanda wa bango atavala malaya wamba, nagogoda pakhomo limene kwa zaka zonsezi ankalipitirira ndi moni wa nsidze. Mtondo unali pabwalo, munsi utatsamira pamtengo. Abdulkarim, amene ankasoka ukonde pakhonde, anamulandira ndi ulemu wonse, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Kenneth anagwira munsi, nayamba. Asodzi odutsa pamsewu ankaima kumufunsa ngati wayamba kale kuphunzira nyimbo za pamtondo. Iye anangopitiriza kusinja. Atasinja mpaka manja kutuluka matuza, anaima, napukuta thukuta, n'kuyang'ana pansi.

"Amake Zuleka, munandiuza kawiri. Ndinakunyozani chifukwa simumwa. Pepani."

"Zatha, aneba," anatero Hajara akumupatsa nsalu yoyera. "Mowa sindiudziwa, n'zoona. Koma malambe ndakhala nawo zaka makumi awiri. Sefani. Kawiri."

Kenneth anasefa katatu.

Mpaka lero, munthu akamadzimva kuti ntchito yake sangauzidwe ndi wapambali, a ku Senga Bay amamufunsa ngati mtedza wake uli ndi nyanga. Kenneth anawopa kusekedwa ndi Victor, amene ankafuna jekete yake, nanyoza Hajara, amene sankafuna kanthu koma kumupulumutsa. Anthu oseka ndi oomba m'manja sasowa, koma amene amasuzumira pampanda kawiri konse kukuchenjeza, ngakhale wamuyankha mwano, ameneyo ndiye wako. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.